Makapu a Madzi a mu Foni

Pabenchi yodikirira dokotala, bambo wina wa tayi yofiira ankaonetsa foni yake kwa mayi amene anakhala naye pafupi.

"Onani, mayi, mzere uwu ndi madzi amene ndamwa pa miyezi itatu. Adokotala anati impso zanga zikufuna madzi, ndiye ine, munthu woyenda maiko, ndinaika pulogalamu. Makapu asanu ndi atatu tsiku lililonse, osaphonya!"

"Nanga foniyo imadziwa bwanji kuti mwamwa, bambo?"

"Ikalira ndimadina apa, imalemba kapu imodzi."

"Mukatero n'kumwa?"

"Ndikapeza mpata. Ndine munthu wotanganidwa, mayi. Chikundizunguza mutu n'chakuti mzerewu ukukwera, koma msana ukuwawabe."

Mayiyo anayang'ana foni, kenako milomo youma ya bamboyo.

"Ine zandisokoneza. Mukalowa, mukaigoneke foniyo pabedi, bambo. Mwina ndi imene yachira."