Mbuzi ya pa Ukwati wa Gladys

Akuti mbuzi imene inadyedwa pa ukwati wa Gladys inali itafa kale pamene mpeni unkafika pakhosi pake. Pachitsime akunong'onezana zomwezo, pathandala la usipa zomwezo, ngakhale ana posambira. Mayi Habiba a pa Mzere wa Obwera ku Senga, kufupi ndi Salima, akudziwitsa abale ndi abwenzi ku Fort Johnston, ku Kotakota ndi ku Chipoka kuti mphekeserayi anaimva kale, musavutike kuwabweretsera. Chimene akufuna ndi amuna awo, Che Saidi, amene anachoka pakhomo Loweruka pa 19 Sepitembala chaka chomwe chino cha 1953, ndipo mpaka lero zii.

Inu akutali mwina simudziwa. Pa Mzerepa pali Ayao, Achewa, Atonga, a ku Likoma ndi Asena, ena a kumzikiti, ena a kutchalitchi. Kwa zaka khumi ndi ziwiri, aliyense wofuna kupha nkhuku kapena mbuzi ankaitana Che Saidi kuti adzazinge mwa Chisilamu, kuti mnansi aliyense athe kupisa dzanja m'mbale imodzi. Iwo ankangolandira khosi basi.

Koma pa ukwati uja anthu anaona kuti Che Saidi anangodya mpunga ndi nyemba, akuti dzino. Dzino lanji lokana nyama n'kulola chimanga chokazinga? Lachisanu lotsatira a Shehe anawafunsa pamaso pa onse, “Che Saidi, mbuzi tinadya ija munazinga ndinu?” Anafunsa katatu. Iwo anangoyang'ana zala za kumapazi. M'mawa mwake anasowa.

Ndi aatali, ali ndi chipsera cha mbedza pachibwano, amavala kofiya yoyera. Mpeni wawo anausiya pamphasa, wonolanola. Amene wawaona alembe kalata kudzera ku positi ya Salima. Chilengezochi chachokera kwa akazi awo, Mayi Habiba.

Bambo Yesaya Mphamba ndi Mayi Dailes a pa Mzere womwewo akuthokoza abale ndi abwenzi onse amene anabwera pa ukwati wa mwana wawo Gladys ndi Enock wa ku Likoma, Loweruka pa 12 Sepitembala. Akuthokoza apongozi amene anawoloka nyanja ndi mwera wonse uja, a kwaya, ndi amayi a kumzikiti amene anaphika mpunga wonunkhira mpaka kumsewu. Diresi la mkwatibwi linali lalitali pang'ono, koma anthu ambiri sanaone.

Akudziwitsanso kuti mbuzi inali bwinobwino, ndipo amene akufalitsa zina ndi ansanje. Anena kuti mawu amenewa alembedwe momveka, ndiye alembedwa. Wowalembera kalatayi akuti powanena Bambo Yesaya anali atayang'ana kudenga, Mayi Dailes akupukuta mbale youma kale. Akupemphanso anansi amene asiya kubwera kudzamvera wailesi pansi pa mango kuti azibwera monga kale, mikeka ilipo. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Yesaya Mphamba ndi banja lawo.

Mayi Pauline ochokera ku Port Herald ndi Mayi Esha ochokera ku Kotakota, amene nyumba zawo zinagundana denga, akuitana anthu onse a pa Mzere wa Obwera ku msonkhano Lamulungu pa 11 Okutobala masana, a kutchalitchi atatuluka, a kumzikiti ataswali. Malo ake ndi pansi pa mkuyu wa pachitsime.

Akuti zafika poipa. Pachitsime pali zidebe ziwiri tsopano, china cha awa, china cha awo. Mbale zonse zobwerekana zinabwezedwa tsiku limodzi, ngakhale chipande chimene mwini wake anali atachiiwala. Khoka lofuna amuna khumi ndi awiri akukoka asanu ndi mmodzi, enawo atakhala pamchenga manja ali m'khosi. Dzana mwana wa Mayi Esha anakwapulidwa chifukwa cholandira chitumbuwa kwa mnzake wobadwa naye mwezi umodzi.

Mayi Pauline akuti, “Ine ndinabwera kuno ndi mtolo umodzi, amene anandifolerera nyumba ndi Asilamu. Lero ndizipempha moto kwa yani?” Mayi Esha akuti, “Mlamu, inenso nyama ija ndinadya, mpaka lero ndikaikumbuka mseru. Koma mchere wandithera, ndipo wako ndikuuona pawindo.” Chakudya cha pamsonkhano ndi chambo ndi chinangwa basi, poti nsomba siifuna wozinga. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Pauline ndi Mayi Esha.

Pepani a ku Senga, makalata anu atipeza pamodzi kuno ku nyumba ya wailesi, tsiku la msonkhanoli litadutsa kale. Tingopitiriza ndi otsalawa.

Bambo Yesaya Mphamba a ku Senga akudziwitsa abale ndi abwenzi, makamaka Che Saidi kulikonse kumene ali, kuti chilengezo chawo choyamba chinali chabodza. Anafuna kuchibweza, koma a positi anati thumba la makalata linakwera kale sitima.

Zoona zake ndi izi. M'mawa wa ukwati mbuzi inazungulira mtengo wa mango, chingwe n'kuithina pakhosi. Anaipeza itafa, ikadali yofunda. Ina analibe, ndipo alendo a ku Likoma anali atadzaza kale bwalo. Anaikokera kuseri kwa nkhokwe n'kuidula okha. Che Saidi atafika ndi mpeni wawo, anangoyang'ana timagazi takuda pansi paja, nati, “Achimwene, iyi yafa yokha.”

Bambo Yesaya anawagwira mwendo. “Che Saidi, mukufuna mwana wanga Gladys azisekedwa ku Likoma moyo wake wonse? Mwaiwala dengu la madeya chaka cha njala chija?” Akuti pa zonse zimene anachita tsiku limenelo, mawu a madeyawa ndiwo akuwasowetsa mtendere, chifukwa dengulo anapereka ndi mtima umodzi, osati kuti adzagulire pakamwa pa munthu. Che Saidi anabweza mpeni m'chimake, nati, “Ine sindinena kuti ndazinga.” Koma sanaululenso kwa anthu kuti yafa yokha. Amayi ophika atafunsa, Mayi Dailes anayankha kuti, “Che Saidi afika kale,” ndipo aliyense anamva zimene ankafuna kumva.

Ku msonkhano wa pamkuyu kunabwera amayi asanu ndi awiri ndi galu wa Mayi Pauline. Abambo ankasoka maukonde chapatali, makutu okha ali kumkuyu. Chambo chinatsala. Lolemba lake Bambo Yesaya anavula chipewa pakhomo pa a Shehe n'kuulula zonse. A Shehe anati, “Bambo, zanuzo mukakambe ndi Mulungu kutchalitchi kwanu. Ife odya mosadziwa tilibe mlandu. Koma wathu uja anadziwa, n'kutiyang'ana tikudya. Khomo la mzikiti silinatsekedwe, abwere adzalankhule yekha.” Tsono adzalankhula bwanji munthu woti sakudziwika kumene ali?

Bambo Yesaya anafika ku Chipoka ndi ku Domira Bay pa njinga, anabwerako ndi fumbi lokha. Akuti, “Che Saidi, manyaziwa ndi anga, mwandisenzera mokwanira. Bwerani mudzanditule nawo pamaso pa anthu.” Chilengezochi chachokera kwa Bambo Yesaya Mphamba okha, akuti akazi awo asawerengedwemo.

Mayi Habiba a pa Mzere wa Obwera akudziwitsa amuna awo Che Saidi kuti alongo a mayiwa alemba kalata. Abwera Loweruka pa 7 Novembala kudzawatenga kubwerera nawo ku Fort Johnston, akuti mlongo wawo sangakhale yekha pakati pa anthu odyetsa anzawo zakufa. Mayi Habiba sakufuna kupita. Manda a ana awo awiri ali konkuno, ndipo amene anakumba ndi amuna a Mzere wonse, osafunsana kopemphera. Koma denga likufuna udzu mvula isanagwe, ndipo mkazi yekha angakane bwanji alongo atatu?

Akuwadziwitsanso kuti Mayi Dailes anabwera ndi tambala wofiira, wamoyo, n'kumumangirira pakhonde. Mayi Habiba anafuula, “Dailes, chotsa chinthu chakochi!” Iwo anayankha ali chakumbuyo, “Si wanu, ndi wa mwini mpeni.” Ndiye tambalayo ali pompo mlungu wachiwiri. Kumubweza akulephera, womuzinga palibe, ndipo akumaliza mpunga wa mbewu.

Wailesi pa Mzere ponse ndi imodzi, ya kwa Bambo Yesaya, ndipo Mayi Habiba analumbira kuti sadzapondako. Koma masiku ano Mayi Dailes akumaiika pawindo loyang'ana kwa anzawowo, ataikweza mpaka kulira ngati chitini. Nthawi ya zilengezo ikakwana, Mayi Habiba amapezeka akupeta mpunga m'mbali mwa mpanda, mpunga wopetapeta kale. Akuti sakumvera.

Mawu awo kwa amuna awo ndi awa: “Bambo, mwalakwa mwalakwa, ndani sanalakwepo? Mpeni ndikuupaka mafuta kuti usachite dzimbiri. Pakadutsa pa 7 mudzapeza chitseko chomanga ndi luzi.” Anafuna kuwonjezera ena, koma anangodziphimba kumaso ndi mpango, ndiye athera pomwepa.

Chilengezochi chachokera kwa Mayi Habiba, amene akuti amuna awo sangalembe kalata, amawadziwa, manyazi awo ndi aakulu kuposa msinkhu. N'chifukwa chake akufunsa inu amene mwazungulira wailesi pasitolo, pasiteshoni kapena padoko: tatembenukani pang'ono, kodi kumbuyo kwanuko palibe bambo wamtali wa chipsera pachibwano amene wangodzuka kumene mwakachetechete?