Osatsegula Popanda Injiniya

Anamwino anangomupatsa dzina loti Chisoti, poti chisoti choyera cha ainjiniya sichinkachoka kumutu kwake ngakhale akhale pamthunzi. Mtsikanayu anali m'chaka chomaliza ku yunivesite, ndipo digiri yake yonse inali pa mjigo umene anauika kuseri kwa kachipatala aka miyezi itatu yapitayo. Lero 12 koloko aphunzitsi ake amabwera kudzauona. Madzi akatuluka asaina, akapanda kutuluka mwana abwereza chaka.

Atangofika anathamangira pa kamakina kamene anamangirira pa mjigopo, kowerenga nthawi iliyonse munthu akapopa.

"41,206! Bambo mlonda, tabwerani muone! Anthu aukonda mjigo wanga!"

Mlonda anabwera mwachifatse, makiyi akulira m'chiuno.

"Eya, nambala ndiye ikukwera bwino, a Chisoti. Phewa langali ndi mboni."

"Phewa lanu?"

"M'mawa 250, madzulo 250. Lamulungu ndimachepetsako."

"Mumatungira odwala? Aa, Mulungu akudalitseni!"

"Kutunga ayi. Kupopa."

Chisoti anamuyang'ana. Kenaka anakoka ndowa, naitchera pakamwa pa mjigo, nayamba kupopa. Mjigo unati fwee, fwee. Munatuluka kafumbi, pambuyo pake kangaude, amene anatsika ndi ulusi wake n'kumapita osatsanzika.

"Madzi ali kuti?"

"Anasiya sabata yachiwiri. Lachitatu, chakumasana."

"Sabata yachiwiri! Nanga anthu akutunga kuti?"

"Komwe ankatunga musanabwere."

"Ndiye inu mumapopa chiyani?"

"Nambala. Pochoka paja munati, 'Bambo, muonetsetse kuti nambala iyi ikukwera tsiku lililonse.' Anthu atasiya kubwera ndinaona kuti mawu anu agwa pansi. Ndinawatola."

Mtima wa Chisoti unagwa. Koma mwana ameneyu anali wamakani, wosagonja ngakhale atagwa chagada.

"Lachisanu lililonse mumanditumizira fomu yoti zonse zili bwino!"

Mlonda anapisa m'thumba la malaya, natulutsa fomu yopindidwa kanayi, naiwongola pabondo.

"Funso loyamba: kodi chogwirira chikuyenda? Inde. Lachiwiri: kodi nambala yakwera? Inde. Lachitatu: kodi pali dzimbiri? Ayi, ndimadzoza mafuta."

"Nanga madzi?"

Mlonda anatembenuza pepalalo, nayang'ana kuseri kwake.

"Za madzi simunasiye kabokosi."

"Mukanalemba m'mphepete!"

"Pansipa mwalemba kuti osalemba kunja kwa timabokosi, kompyuta siwerenga."

Chisoti analembadi yekha zimenezo, ndipo tsiku limenelo anadzitama nazo. Anakankhira chisoti kumbuyo, nagwira chogwirira ndi manja awiri.

"Madzi alimo. Ndinawerengetsa katatu. Ali pa mamita 18!"

"Sindikutsutsa."

"Mjigo wanga sungalephere!"

Anapopa mwaukali mpaka thukuta kamukamu. Mlonda anawerama pa kamakina kaja, manja kumbuyo.

"41,260. Pitirizani, mwandichepetsera ya madzulo."

"Bambo, musandiseke!"

"Sindikuseka ine. Koma mungapope mpaka Khirisimasi, madzi sabwera. Labala wapansi, wokweza madzi uja, anang'ambika."

"Zosatheka. Buku limati labala ameneyo amakhala zaka ziwiri."

"Bukulo likunena zoona. Kungoti labalayo sanaliwerenge."

"Inu mwadziwa bwanji? Munalowamo?"

"Ndikumva kulira kwake. Ukamati fwee ndi labala. Ukamati gobede ndi chitsulo. Ndinakonzapo mijigo zaka khumi ndi ziwiri msana usanayambe kundivuta."

Chisoti anasiya chogwirira, chinakwera chokha.

"Zaka khumi ndi ziwiri! Osandiuza bwanji?"

"Tsiku lija munandifunsa dzina ndi nambala ya foni."

Abale inu, kukanakhala kuti nthaka imatseguka, mtsikana akanalowa ndi chisoti chomwe. Anayang'ana wotchi. Hafu pasiti leveni.

"Chabwino. Sindikuvomera kuti ndi labala, koma tiyeni tingoyesa. Zimatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi makumi awiri, manja akakhala anayi."

"Labala watsopano tim'peza kuti?"

"Ali m'bokosi lija munasiya pochoka. Awiri, ndi masipanala omwe. Ndimalipukuta Lolemba lililonse."

Anathamangira kukachipinda kosungira katundu, Chisoti patsogolo, mlonda pambuyo ndi makiyi ake. Bokosi lachitsulo linali pa shelefu pakati pa matsache ndi machira othyoka, loko ali lende. Pamwamba pake panali pepala lomatidwa ndi selotepi, lolembedwa ndi dzanja la Chisoti yemweyo: OSATSEGULA POPANDA INJINIYA.

"Miyezi itatu labala ali pano, inu mukupopa mphepo?"

"Injiniya panalibe."

"Chabwino, ndabwera. Tsegulani msanga. Madzi akapanda kutuluka lero aphunzitsi sasaina, ndipo akapanda kusaina ine sindikhala injiniya!"

Kiyi inali italowa kale theka. Mlonda anaizula.

"Mwati bwanji?"

"Ndati akapanda kusaina sindikhala injiniya."

"Ndiye kuti panopa?"

"Panopa ndine... ndatsala pang'ono."

"Apapa sipanalembedwe kuti wotsala pang'ono."

"Bambo! Ndinalemba ndine!"

"N'chifukwa chake ndikulilemekeza."

"Chisotichi simukuchiona?"

"Chisoti ndachiona. Mlamu wanga ali nacho chonga chomwecho, amagulitsira nkhuku."

"Ndakugwirani mwendo, bambo anga. Mayi anga anasoketsa kale diresi la tsiku lolandira digiri!"

"Pepani, mwanangu, zikundikhudza. Koma taonani. Aphunzitsi anuwo ndi injiniya?"

"Eya."

"Basitu! Tiwadikire, adzatsegule okha."

"Adzapeze mjigo wouma?"

"Adzasaine kaye, mukhale injiniya, kenaka titsegule."

"Sangasaine popanda madzi!"

Mlonda anakanda kumutu, nayang'ana bokosi, nayang'ana mtsikana.

"Ii, ndiye zamangana."

Apa Chisoti anangokhala pa ndowa yovundikira, misozi ili pafupi. Kenaka maso ake anagwera pa cholembera chimene chinali m'thumba la mlonda. Anachitsomphola, nadzuka, nalemba pansi pa mawu aja ndi zilembo zikuluzikulu: KAPENA WOPHUNZIRA.

Mlonda anavala magalasi. Anawerenga kuyambira pamwamba, chala chikutsata chilembo chimodzichimodzi, milomo ikugwedera.

"Tsiku?"

Chisoti analemba tsiku.

"Saini?"

Anasaina, cholembera chinatsala pang'ono kuboola pepala, kenaka anachibweza kwa mwini wake.

"Ehee! Tsopano zalongosoka." Loko anati khethe.

Chisoti ananyamula bokosi n'kuthamanga nalo ku mjigo. Anatulutsa labala, natulutsa masipanala atatu, nawayala pasimenti bwinobwino monga ankaonekera pachithunzi cha m'buku. Kenaka anaima. Anatola sipanala yaikulu, naibweza. Anatola yaing'ono, nazungulira mjigo kamodzi. Pakompyuta chinthu ichi chinkamasuka ndi chala chimodzi, koma apa mabawuti onse ankangofanana. Kutali kumsewu fumbi la galimoto linayamba kuoneka.

Anavula chisoti, nachigwira pachifuwa.

"Bambo," anatero ndi mawu ang'onoang'ono, "amayambira pati?"

Mlonda anali atapinda kale malaya mpaka m'zigongono, koma sipanala sanaikhudze. Anamupatsa cholembera, naloza pepala la pabokosi.

"Pansipo patsala malo, mwanangu. Onjezani kuti 'kapena mlonda.'"