Dzina Pachitseko, Firiji M'kolido

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1964, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndayima panoyu ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo. Abale andituma kuti ndinene zonse, zokoma ndi zowawa zomwe.

Sukulu anayamba mu 1970. Anali mwana wamafunso, moti aphunzitsi ankapumako tsiku limene iwo adwala. Mu 1983 anasankhidwa kupita ku yunivesite kukaphunzira sayansi ya zamoyo. Mu 1989 anakwatiwa ndi alamu athuwa, amene sanachedwe kuzindikira kuti akwatira munthu ndi labotale yomwe.

Mu 1994 achemwali athu aakulu anadwala khansa ya khomo la chiberekero. Asanamwalire, analola kuti madokotala adule kachidutswa ka chotupa chawo n'kupereka kwa mng'ono wawoyu kuti akafufuze. Malemu anakasunga kachidutswako m'firiji yozizira koopsa ya kuntchito kwawo. Pambuyo pake amayi ena mazanamazana odwala nthenda yomweyo anachita chimodzimodzi, ambiri akudziwa bwino kuti iwo sadzapindula nazo. Ankaganizira ana awo aakazi.

Ntchito yonse ya malemu inachokera m'firiji imeneyo. Analemba mapepala a kafukufuku oposa makumi asanu ndi awiri, ofotokoza chifukwa chimene chotupa china chimamvera mankhwala pamene china chimakana. Akatswiri a kumayiko akutali amawatchula m'zolemba zawo mpaka lero. Ena mwa amene anawaphunzitsa ndi mapulofesa tsopano, ndikuwaona uko akupukuta misozi. Ife kunyumba tinkawaseka kuti firijiyo ndiye mwana wawo woyamba. Magetsi akangozima, ankasiya chilichonse n'kuthamangira kuntchito kukaona ngati jenereta yalira. Ngakhale pa ukwati wanga anachokapo keke tisanadule, ndipo panapita nthawi ndithu kuti ndiwakhululukire.

Mu Ogasiti chaka chatha anayamba kuvutika ndi impso. Apa ndikupempha inu akuluakulu a kuntchito kwawo, amene mwakhala pamipando yakutsogoloyi, kuti mutchere khutu. Malemu ali gone m'chipatala, inu munakhala pansi n'kugwirizana zowalemekeza. Munati chipinda chawo chogwiriramo ntchito chisanduke cholandiriramo alendo, poti alendo obwera chifukwa cha mbiri yawo achuluka ndipo akusowa pokhala. Munapaka penti, munayala kapeti, munaika mipando yawofuwofu, pachitseko n'kukhomapo dzina lawo m'zilembo zagolide. Firiji ija munati ikusokosa, ikuipitsanso malo. Munaikankhira m'kolido, pafupi ndi chimbudzi, kumene magetsi a jenereta safika. Lero ikudalira chingwe chimodzi chamagetsi chodutsa pansi, choti aliyense angachikole ndi phazi. Tamvanso kuti mwezi uno ukatha muithimitsa.

Kodi alendowo mukuti amabwera kudzaona kapeti? Ndi ulemu wanji wosunga mbereko n'kutaya mwana? Zili m'firijimo zikasungunuka, zapita. Simungazigule kusitolo, ndipo amayi amene anazipereka simungakawadzutse kumanda kuti aperekenso. Zambiri sizinafufuzidwe n'komwe. Malemu anamva nkhaniyi ali pabedi, ndipo kuyambira pamenepo ophunzira awo akabwera kudzawazonda, moni asanathe ankayamba afunsa ngati firiji ikulirabe. Munthu wodwala mwakayakaya ankayenera kumaganiza za thupi lake, osati za chingwe. Takwiya, ndipo sitibisa mawu chifukwa choti pano ndi pamaliro.

Malemu anatisiya pa 3 Febuluwale chaka chino. Asiya amuna awo, ana awiri, zidzukulu zitatu ndi ife abale awo atatu. Asiyanso mwana wawo woyamba uja, wamasiye yekhayo amene alibe pokhala.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, anansi amene sanatisiye tokha, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatipepesa. Mwapadera tikuthokoza ophunzira awo, amene mpaka pano akusinthana kuyang'anira chingwe chija. Mwina mwaona kuti mmodzi wa iwo sali nafe pano. Watsala m'kolido.

Akuluakulu, nkhata yanu yamaluwa tailandira, ndi yaikulu kuposa zonse. Koma banja likuti ngati firiji sibwerera m'chipinda chake, dzina lija mukalichotse pachitseko, sitinakubwerekeni. M'firijimo muli kachidutswa ka achemwali athu aakulu. Tinawalira kale kamodzi, musatiliritse kachiwiri.

Mzimu wa malemu uuse mumtendere. Koma mtendere umenewo, akuluakulu, makiyi ake ali m'thumba mwanu.