Ndinakana Kuzulitsa Dzino Langa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndinali woimba lipenga mumpingo wathu ku Chibanja, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za dzino limodzi lakumaso limene mdyerekezi anafuna kunditsekera nalo pakamwa.

Ndinagwa panjinga m'matope, dzino n'kubenthuka. Kuchipatala china analimata ndi simenti yoyera yongoyembekezera. Pofika tsiku lachitatu linkapweteka moti ngakhale phala sindinkamwa. Nditabwerera, bambo wa jasi loyera sanaliyang'ane n'komwe. "Khalani apo tizule," anatero, chozulira chili kale m'manja.

Masiku amenewo a chipani chimodzi munthu sunkayankha wovala yunifomu. Ukauzidwa kuti khala, unkakhala. Koma mlomo wa woimba lipenga umatsamira pa dzino limenelo, ndipo likachoka nyimbo yathera pompo. Ndinaimirira. "Bwana, pepani, ili lokha simuzula." Anandiuza kuti ndidzabwera ndekha chokwawa.

Sabata yonse ndinalira, ine bambo wa ana anayi. Anzanga ankati ndidonthezemo asidi wa batire kuti life, ndinawathamangitsa. Ndinapemphera mokalipa ndithu, ndikufunsa Mulungu chifukwa chimene anandipatsira mpweya wonsewu ngati ankafuna ndikhale chete.

Lamulungu, mayi wina wa mukwaya wochokera ku Msongwe, NyaGondwe, anandiona nditagwira tsaya. Ine sindinkadziwa kuti ankathandiza dokotala wa mano kuchipatala cha mishoni. "Adada, simenti ija ikaikidwa popanda chotchinga imawotcha mtsempha wa m'kati. Mubwere namachero," anatero.

M'mawa mwakemo dokotalayo anaichotsa, n'kuikamo phala lonunkhira ngati zokometsera tiyi za kwa amwenye. Anati limeneli limaziziritsa mtsempha, koma ngati unafa kale palibe chochita. Ndinadikira milungu isanu ndi umodzi, lipenga lili pakhoma.

Tsiku lobwerera anadontheza madzi ozizira padzinopo. Linandilasa mpaka ndinadumpha pampando, kenako ululu n'kuzimiririka. NyaGondwe anawomba m'manja, n'kuthokoza Ambuye m'chinenero chakwawo. "Yewo chomene, Fumu! Lamoyo ili! Lakufa silimva kanthu."

Analimata kokhazikika, ndipo Lamulungu lotsatira ndinaliza lipenga mpaka amayi anaimirira ndi nthungululu. Ndikuthokoza Mulungu amene anandilimbitsa mtima tsiku ndinakana kuzulitsa lija. Inu amene mukumva kuwawa lero, musafulumire kupereka chimene Ambuye sananene kuti chichoke. Chikamawawa ndiye kuti sichinafe, gwiritsitsani.