Batire Lopanda Madzi

Joan, yemwe akuchita kafukufuku wa mabatire kunja kwa dziko, anabwera kutchuthi ndi kabatire koyeserera kali m'botolo lomata, koti akaonetse anthu amene amafuna kumuthandiza kuti amalize maphunziro. Poti kunyumba kumadontha, anakasungitsa kwa amalume ake, a Bonifasi, amene akhala akutchaja mabatire ndi kuthiramo madzi pamsika wa Zingwangwa Joanyo asanabadwe.

"Kachinthu kako kaja n'kakufa," anatero a Bonifasi m'mawa mwake, moni asanayankhe n'komwe. "Ndinakagwedeza pakhutu. Kuli zii."

"Sikangamveke, amalume. Mulibe madzi."

"Ndi zimene ndikunenazo."

Tsoka la Joan ndi lakuti sadziwa kuti munthu akumunyogodola. Amangoyankha ngati ali pamayeso. Anayamba kufotokoza mwaulemu kuti m'malo mwa asidi muli ufa wouma wamtundu wa mchere, ndipo lithiyamu, amene amanyamula mphamvu ya batire, amadutsa mmenemo. Batire lotero silidontha, komanso siligwira moto wamba.

"Mchere?" A Bonifasi anatsitsa magalasi. "Wakwera ndege kukaphunzira mchere? Kwathu ku Nsanje timatcheza wam'dothi osakwera ngakhale kabaza."

"Umenewu ndi wina. Sathira m'ndiwo."

"Ndiye ngakhale ntchito ya mchere sukwanitsa."

Joan anavomera kuti ya ndiwoyo sukwanitsadi, n'kupitiriza kuti vuto lenileni ndi chinyezi. Ufawo ukangonunkhiza madzi umaonongeka, ndipo ntchito yake yonse ndi yofuna kuulimbitsa. N'chifukwa chake botolo analimata chotero.

"Kumata komweko n'kumene kanafera. Chinthu chizipuma."

"Batire silipuma, amalume."

"Lako limenelo silikupumadi."

Apa m'pamene Joan anakweza maso pashelefu. Phula la pachivindikiro linali lokhadzulidwa, pambali pake pali sikuludiraiva, ndipo kabatire kanali kamira ngati nyemba zoviika. Kanali kokhako basi, ndipo anthu aja amamudikira Lachisanu.

"Mwathiramo madzi," anatero Joan.

"Abwinotu, a m'chigubu chosatsegula. Mwana wa mlongo wanga sindingamuthirire apampopi."

Misozi ili m'maso, Joan anawauza kuti apha chinthu choti chikanasintha dziko. Mabatire amenewa akadzafika, anatero, sipadzakhalanso wothira madzi kapena asidi, ngakhale kamodzi.

A Bonifasi anasiya kupukuta manja. Anayang'ana zigubu zawo zili ndandanda, anayang'ana madalaivala a minibasi ali pabenchi kudikira, n'kubwerera kwa Joan.

"Ukuti ngakhale kamodzi? Ngakhale awa a maminibasi?"

"Ngakhale iwowo."

"Nanga ukati madziwa apha, apheratu?"

Joan, poti sadziwa kunama, anati mwina ufa wam'kati mwenimweni ungakhale utapulumuka.

A Bonifasi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutambasula dzanja kutenga chigubu.

"Bwera nalo kuno botololo. Ndiye kuti ndinathira ochepa."