Dzina limene ndinatchula ku Lirangwe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine Esinati, wa kuno ku Chileka, ndipo umboni wangawu si wokoma kuumva. Ndi wa matenda a mwana wanga Losina, komanso wa bodza limodzi limene ndinanena ndili Mkhristu wobatizidwa, wodya mgonero. Mulungu anandipulumutsa, inde, koma chipsera anandisiyira, ndipo ndimaganiza kuti anachita dala.

Zinali zaka za Chitaganya. Amuna anga, bambo a Losina, anakwera ndege pabwalo lathu lomweli kupita ku migodi ya ku Joni, mwana akadali kumsana. Chaka chinatha, china n'kuyamba, kalata osabwera. Masiku amenewo alangizi a malimidwe sankaseka ndi munthu: ukapanda kukweza migula yotchinga madzi m'munda, ankakutengera kubwalo la milandu. Munda wanga unali pamtsetse, ine ndekhandekha. Amene anandimvera chisoni ndi a Muhiwa, mnansi wathu wa mpingo womwewu, amene makolo awo anachokera ku Mozambiki. Anabwera ndi khasu lawo masiku atatu, dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona. Ngakhale pakhomo panga sanapondepo.

Kenako Losina anayamba kutupa. Mapazi, masaya, tsitsi n'kufiira ngati ndevu za chimanga. Analeka ndi kulira komwe, ankangondiyang'ana. Amayi aakulu, akulu awo a malemu mayi anga, anamudina phazi ndi chala, chala n'kusiya kadzenje. Anati, "Ili ndi tsempho. Wamutsempha ndiwe." Inu atsikana a masiku ano simuzidziwa izi. Kwathu kuno ankati mkazi akagona ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo, mwana wodya ndiwozo amatupa, ndipo mankhwala ake sagwira mpaka mayiyo ataulula dzina la mwamunayo.

Ine ndinalibe dzina loti ndiulule. Milungu itatu ndinakana, ndinalumbira, ndinasala kudya. Koma m'mawa uliwonse ndikamasula mwana pansalu ndinkapeza khungu lasupuka pena. Amayi aakulu ankangoti, "Ukufuna mbiri yabwino kapena mwana wamoyo?" Ndikagwada, pemphero linkangomveka ngati ndikulankhula mumtsuko.

Ndiye tsiku lina tinalawirira, ine ndi amayi aakulu, mwana ali kumsana, wapansi mpaka ku Lirangwe kwa sing'anga wodziwa za tsempho. Njira yonse ndinkadzinyengerera kuti Mulungu amvetsa, pakuti ndi bodza lopulumutsa mwana. Sing'angayo anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa bwemba, n'kundifunsa kuti ndani. Ndinayang'ana mapazi a Losina, ndipo ndinati, "A Muhiwa." Palibe anandiuza dzina limenelo. Ndinalisankha ndekha chifukwa ndinkadziwa kuti anthu alikhulupirira.

Sabata isanathe nkhani inali ponseponse. Akulu a mpingo anatiimitsa tonse awiri pa mgonero. A Muhiwa anakana mpaka misozi, koma ndani akanawamvera, mwini wakene nditavomera? Amalume anga anawapitira ndi nkhwangwa. Mwezi usanathe a Muhiwa anakwera sitima kupita ku Sozibele, ku Rodeshiya, osatsanzika munthu. Ndipo mankhwala aja sanachite kanthu. Losina anatupa mpaka maso kutsekeka.

Pamenepo ndinaleka kupemphera, chifukwa ndinkaopa Amene ndikanalankhula naye. Ndikapita kumunda, masana enieni, ndinkamva khasu likugunda pamtsetse paja, pomwe panalibe munthu. Ndikatembenuka, zii. Ndikawerama, layambanso. Pemphero limodzi lokha ndi limene linandipulumuka, ndili pachitsime: "Ambuye, langani ine, mwanayu sanatchule munthu."

M'mawa mwake kunabwera munthu amene ndinkamupatukira njira: mayi Elube, akazi awo a Muhiwa. Ndinati abwera kudzandimenya, ndipo ndikanawalola. Koma anakhala pakhonde, n'kutenga Losina, n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Pa njala yaikulu ija ana ambiri anatupa chonchi, wanga woyamba anapita nazo. Kodi amayi onse aja anachita chigololo? Mwanayu mumamudyetsa chiyani?" Ndinati phala la ufa woyera ndi chinangwa, basi. Anamasula kansalu, munali nsinjiro, mazira awiri ndi kabotolo ka mkaka wa mbuzi yawo. Amayi aakulu anakalipa kuti mwana sadya mazira, adzagwa khunyu. Mayi Elube anangosonkha moto.

Anabwera tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri. Za amuna awo sanandifunsepo, ndipo kukhala chete kwawoko kunkandipweteka kuposa ndodo. Kutupa kunayamba kuphwa, maso anatseguka. Tsiku limene Losina anaimirira atagwira nsalu yawo, ndinagwa pamapazi awo n'kunena zonse. Iwo anati, "Ndinkadziwa. Masiku atatu aja chakudya ndinkawapititsira kumunda ndine. Koma musauze ine, kauzeni mpingo."

Lamulungu lotsatira ndinaimirira pamaso pa anthu onse, n'kubweza bodza langa. Akulu a mpingo analemba kalata ku Sozibele yowayeretsa a Muhiwa ndi kuwaitana kumudzi. Inabwerera yosatsegula. Tinalemba ina, nayonso inabwerera. Bambo a Losina anabwera chaka chotsatira, anamva zonse, n'kundikhululukira. A Muhiwa sanabwerenso, ndipo manda awo sitikuwadziwa.

Ndikuthokoza Yesu amene anatumiza chipulumutso cha mwana wanga m'manja mwa munthu amene ndinamuphwasulira banja. Losina lero ali ndi zidzukulu. Mayi Elube tinakhala nawo benchi limodzi m'tchalitchi mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Abale anga, limbikani. Mayesero akafika poti bodza likuoneka ngati chifundo, gwiritsitsani choonadi tsiku limodzi linanso. Ine ndinapirira milungu itatu, n'kugwa m'mawa umodzi, ndipo amene anavutika ndi kugwa kwangako ndi munthu wosalakwa. Mumandifunsa chifukwa chake sindijomba mapemphero ngakhale miyendo yatha chonchi. Kalata yachiwiri ija ili m'Baibulo langa mpaka lero, yosatsegula. Pansi pano ndinalephera kuwapeza a Muhiwa. Ndiye ndiyenera kukafika Kumwamba ndithu, ndikawapepese ndi pakamwa panga pomwepa.