Bafa Langa ndi Mbewu ya NyaGondwe

"Anyina Esinati, madzi amene mukusamba m'nyumbamu akupita kuti?"

Limeneli ndi funso limene mnansi wanga NyaGondwe anandifunsa m'mawa wina, ataima kuseri kwa nyumba yathu khasu lili paphewa. Moni kwa inu amayi anzanga a m'mapemphero a Lachinayi, ndi nonse amene muwerenge mawu awa. Ndikufuna ndikuuzeni za bafa limene ndinamanga ndi manja anga, momwe linatsala pang'ono kulanditsa mayi wamasiye munda wake, ndi momwe Ambuye anatipulumutsira.

Ine ndi bambo a Esinati kwathu ndi ku Dedza. Tinabwera ku Hara chifukwa cha ntchito yawo ya ukalaliki pa sikimu ya mpunga. Chaka chimene Esinati anayamba kuyenda, bambo ake anagwa palole yonyamula matumba ndipo anathyoka m'chiuno. Atabwera kuchipatala ankayenda ndi ndodo ziwiri. Bafa lathu linali laudzu, panja, pansi pake miyala yoterera. Tsiku lina anagweramo, ndipo ndinachita kuitana amuna oyandikana nafe kuti adzawanyamule ali osavala. Kuyambira pamenepo anakana kupitako. Ndinkawasambitsa kuchipinda ndi beseni ngati khanda, iwo atayang'ana kukhoma.

Nyumba yathu inali yanjerwa ndi malata, ndipo kumapeto kunali tizipinda tiwiri togundizana. Kamodzi tinkasungiramo katundu, kenako kanali kopanda ntchito. Ndinaganiza zosandutsa kopanda ntchitoko bafa. Mmisiri sitikanamukwanitsa. Ndinapita ku Chilumba, khadi la chipani nditalimanga pansonga ya chitenje kuti ndikwere basi, ndipo ndinagula thumba limodzi la simenti ndi kapaipi. Matailosi ndinawapeza kwa bambo wina amene anatenga sitolo imene Amwenye anasiya posamuka. Anali oyera, ena obenthuka m'mbali, ndipo anandipatsa bokosi lonse posinthana ndi nkhuku.

Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma manja anga saopa ntchito. Ndinaboola khoma mmunsi n'kulowetsa paipi. Simenti ndinaisakaniza ndi mchenga wambiri kuti ikwane, ndipo ndinamata matailosi pamwamba penipeni pa njerwa zapansi, komanso m'khoma mpaka m'mawondo. M'maganizo mwanga tailosi inali ngati mbale, madzi sangaiboole. Za timipata tapakati pa matailosi sindinaziganizire n'komwe. Kudenga ndinapachika ndowa, pansi pake ndinamangirira kamutu ka kheni yothirira ndiwo zamasamba. Bambo a Esinati atakhala pakampando n'kusamba okha koyamba, ndinawamva akuimba nyimbo ya kwathu. Ndinalira ndili pakhomo.

NyaGondwe anamwalirirwa mwamuna ana ali ang'onoang'ono, ndipo anatsala ndi puloti imodzi pa sikimu. Nyumba yake inali yaudzu, yodontha, makoswe osasowa. N'chifukwa chake anadzasungitsa kwathu matumba atatu a mpunga wosapuntha, awiri akudya, limodzi la mbewu imene anachita kusankha ngala ndi ngala. Tinawasanjika m'kachipinda ka katundu kaja, kutsamira khoma lomwe kuseri kwake kunali bafa. Lamulo la pa sikimu tonse tinkalidziwa: puloti ikagona osalimidwa, amaipereka kwa wina.

Ndiye m'mawa uja NyaGondwe anandionetsa pamene paipi imatulukira. Iye anali atabzalapo mphukira ya nthochi kuti izimwa madzi a bafa, koma nthochiyo inali itafota, dothi lili gwa. Anati ngakhale abakha ake anasiya kubwerapo. Ndinamuyankha moseka kuti mwina dzuwa la kuno limamwa madzi asanafike pansi. Iye sanaseke. Anapempha kuti tikaone matumba ake.

Titatsegula chitseko tinalandiridwa ndi fungo la chinyontho. Khoma linali lakuda mpaka m'chiuno, mphasa imene tinayala pansi itaola. Thumba lapansi, la mbewu lija, linali lofunda ngati munthu wodwala malungo, ndipo timizu toyera tinali titaboola chiguduli n'kutulukira kunja. Madzi onse amene bambo a Esinati ankasamba ankalowa m'timipata ta matailosi, kuyenda pansi, n'kukathera m'mpunga wa mayi wamasiye.

Amayi anzanga, ndinangoti zonse zatha. Kwathu ku Dedza chimanga chikamera m'nkhokwe ndiye kuti chatha, chatsala n'chimera cha thobwa basi. Ndinaona puloti ya NyaGondwe itapita, ana ake akupempha m'makomo, zonsezo chifukwa cha ine. NyaGondwe anapisa dzanja m'thumbamo, anatapa pang'ono, anayang'anitsitsa, kenako anatuluka. Ndinamuona akuyenda mofulumira kulowera ku sikimu, ndipo ndinati basi, wapita kukatinenera ku ofesi kumene bambo a Esinati amagwira ntchito.

Ndinagwada pomwepo, pamphasa yoolayo, Esinati ali kumsana. Pemphero langa silinali lalitali. Ndinati Ambuye, bafali ndinamangira wodwala, musalole kuti lidyetse ana amasiye njala, ngati pali chotayika chitayike changa. Bambo a Esinati anabwera ndi ndodo zawo mpaka pakhomo, ndipo anati abwerera kubeseni, bafalo ndiligumule. Mawu amenewo anandipweteka kuposa fungo lija.

Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva phokoso panja. Anali NyaGondwe ndi amayi ena a kutchalitchi kwathu, aliyense ndi khasu ndi lichero. Ndinayamba kupepesa, koma anandigwira pakamwa.

"Mwana wa ku chimanga iwe, ukulira chiyani? Mbewu ya mpunga timachita kuiviika dala m'ngalande kuti imere tisanafese. Iwe wangondiviikira msanga. Tenga lichero, ikagona lero ndiye iwonongekadi."

Kuja ndinkati wapita kukatinenera, anali atapita kukapempha woyang'anira madzi kuti amutsegulire ngalande ya ku puloti yake nthawi isanakwane, ndipo mkuluyo anavomera. Tinakhuthula thumbalo pakhonde, kupatula yomera, yonyowa chabe ndi yoola. Masana onse tinali m'matope kukonza nazale. Ine amene ndinali ndisanafesepo mpunga anandiphunzitsa kuwaza mopepuka kuti timizu tisathyoke, amayi aja akundiseka kuti ndikuwaza ngati ndikudyetsa nkhuku. Thumba lapakati linali litaola mbali imene inagunda khoma. Mpunga wotsalawo tinauyanika ndipo unauma bwinobwino.

Za bafa, NyaGondwe anakana zoti ligumulidwe. Anati vuto langa linali kukhulupirira tailosi, pamene chosunga madzi ndi chimene chili pansi pake. Ndinachotsa matailosi onse ndi mpeni wakale, ena anasweka m'manja, ndipo ndinasiya chipindacho chotsegula mpaka chinauma. Tinagula simenti ina. Ulendo uno sindinaumire, ndinasakaniza yolimba, ndinakweza mbali yakukhoma kuti madzi azitsetserekera kupaipi, ndipo m'makona ndinazungulizamo ndi botolo kuti musakhale mng'alu. Chifukwa cha kutentha kwa kuno, ndinkaifunditsa ziguduli zonyowa kuti isaume mothamanga. Mchimwene wake wa NyaGondwe, msodzi wa ku Chilumba, anatitumizira chitini cha phula limene amamatira mabwato. Tinalisungunula panja, ndinapaka pansi ponse ndi m'khoma mpaka m'chiuno, makamaka mozungulira paipi, kenako ndinawazapo mchenga kuti simenti ya matailosi idzagwire.

Ine ndinkafuna kumata matailosi tsiku lomwelo, koma NyaGondwe anandiletsa. Anati kuno alimi sawokera mpunga m'ndime asanaone ngati ikusunga madzi. Anatseka paipi ndi chitsononkho, tinathira madzi mpaka m'kakolo, ndipo anaimika kabango n'kukadinda ndi chikhadabo pamene madzi analekezera. Tinawasiya masiku angapo. Ndinkapita kukasuzumira ngati ndaika mphika pamoto, koma madzi sanatsike pachizindikiro chija, ndipo kuseri khoma linali louma. Apo m'pamene ndinamata matailosi, timipata tonse n'kutseka ndi simenti yokhayokha.

Mbande za NyaGondwe zinakula msanga, ndipo anali woyamba kuwokera m'dera lathu lonse. Puloti yake ikadali yake. Bambo a Esinati tsopano amayenda ndi ndodo imodzi, ndipo amasamba okha. Nthochi ija inaphukanso, pano yatulutsa mkoko, ndipo abakha ndimachita kuwathamangitsa.

Ndikuthokoza Mulungu, amene kuno timamutchula Chiuta, chifukwa anayankha ndisanadzuke n'komwe pamphasa paja, ndipo anayankha kudzera mwa munthu yemweyo amene ndinkamuopa. Inu amene mukusamalira odwala m'nyumba zanu, ndipo zimene mwayesa ndi mtima wabwino zabweretsa mavuto ena, musafulumire kugumula. Gwadani, kenako tsegulirani mnansi wanu chitseko aone. Mwina chimene inu mukuchiona ngati chaola, iye akuchidziwa bwino kuposa inu.

Nditakhala pansi n'kuwerengera, zimene zinatayika ndi izi: theka la thumba la mpunga wakudya, limene tinamubwezera NyaGondwe atakana kawiri, thumba limodzi la simenti, matailosi khumi ndi anayi, ndi mphasa imodzi.